Paketi Yomaliza ya LA



Pali mawu amene ndinayankhula mu Januwale, ndili kumudzi pa tchuthi, amene mpaka lero akandibwerera m'mutu ndimachita manyazi ndekha, ngakhale ndili pamkeka wa swala. Ndaganiza zowaulula chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ambiri a ife tinawayankhulapo, kapena tinamva wina akuwayankhula ife n'kugwedezera mutu kuti eya, akunena zoona.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda kozizira kuja, njira ya ku Tsangano. Amene munakwerapo basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre mukudziwa kuti mukamafika pa Lizulu, kumanzere kwa msewu wa M1 ndi Malawi, kumanja ndi Mozambique. Kabichi mumagula dziko lina, tomato dziko lina, basi ili chiimire pomwepo. Kwathunso ndi chimodzimodzi. Malire si mpanda kapena mtsinje waukulu ayi. Ndi kanjira ka njinga ndi timiyala ta simenti timene mbuzi zimadzikandapo. Anthu a kutsidya ndi a kuno amakwatirana, amaikana maliro, amayankhula chiyankhulo chimodzi. Obwera ndife a banja lathu: bambo ndi telala, anachokera ku Balaka ine ndisanabadwe, ndipo Asilamu a m'dera lonselo timakwana m'kamzikiti kamodzi, malo n'kutsalako.

Chipatala chenicheni chili kutali, maola atatu wapansi kukakhala kopanda matope. Chimene tili nacho pafupi ndi kiliniki ya m'mudzi. Kwa inu okulira m'tauni, ndifotokozeko pang'ono. Boma lili ndi alangizi a zaumoyo, aja timati ma HSA, amene kumudzi timangowaitana kuti adokotala. Ntchito yawo ndi yakale ndithu. Inayamba ndi anthu obaya katemera wa nthomba m'ma 1960, kenako othandiza kulimbana ndi kolera m'ma 1970. Ndi iwowa amene amayendetsa sikelo ya ana, kubaya katemera, kugawa mankhwala othira m'madzi akumwa, kuyendera zimbudzi. Kuyambira 2008 boma linayamba kuwaphunzitsa kuti m'madera ovuta kufikako azithandiza okha ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu akadwala malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba. Ndiyo kiliniki ya m'mudziyo. Kwathu ndi kachipinda kamodzi ka njerwa zimene anthu anaumba okha, tebulo, kaundula ndi bokosi lamatabwa. M'bokosimo mumakhala LA, Thanzi, zinki, mankhwala a chibayo ndi tizipangizo toyezera malungo. Zonsezi ndi zaulere.

Bokosilo lili ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi amasunga adokotala, winayo amasunga agogo ena a m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Ndili mwana ndinkaseka ndikamawaona akubwera mmamawa, kiyi atamumangirira pa ngodya ya chitenje ngati ndalama.

Musakapeputse kabokosi kameneka. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Zothandiza zinali zambiri, katemera, maneti, ma ARV, koma kumudzi ngati kwathu kusiyana kwake kumaoneka ndi maso: kale mwana akatentha thupi usiku, makolo ankayamba adikira kaye kuti aone ngati ulendo wa maola atatu ndi woyenera, ndipo ambiri ankanyamuka mochedwa. Lero amangodutsa minda iwiri.

Tsiku limenelo mwana wa akulu anga, wa zaka ziwiri, amene amandiitana kuti amayi aang'ono, anagona thupi likutentha ngati mbaula. Akulu angawo anali ndi khanda la masabata awiri, nde mmamawa ndinamubereka ndine. Tinapeza azimayi angapo atakhala kale pakhonde. Patsogolo panga panali mayi wina wa msinkhu wanga womwewu, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, mwana kumbuyo ali lefu. Atafika pa tebulo adokotala anafunsa, "Mayi, mudzi?" Iye anatchula mudzi woyandikana ndi wathu. Pakhonde panamveka kakuseka kotsitsa. Azimayi awiri a m'mudzi umene anatchulawo anali pomwepo, ndipo sankamudziwa n'komwe. Kabuku ka mwana kakuchipatala analibe. Adokotala anamuyang'ana kamphindi, n'kulemba. Anamubaya mwana chala, tinadikira, mizere iwiri. Anatulutsa paketi ya LA, n'kumumwetsa koyamba pomwepo, n'kufotokoza kamwedwe ka masiku atatu.

Kenako ife. Chala, kudikira, mizere iwiri. Adokotala anatsegula bokosi, anasanthula, anasanthulanso, n'kutembenuka. "Achemwali, pepani. LA watha. Uja anali womaliza."

Ndinamva kutentha kuchokera m'mimba mpaka kumaso. Mayi uja anali asanachoke, ankamanga mwana kumbuyo. Ndipo ine, ndi hijab yangayi, ndi sukulu yanga ya ku Zomba, ndinakweza mawu dala kuti aliyense amve: "Ndiye mankhwala athu azithera anthu a ku Mozambique eti? Kwawoko kulibe boma? Msonkho tizipereka ndife, iwo azingobwera kudzanama mudzi basi?" Azimayi ena anavomereza. Mayi uja sanayankhe. Anamangitsa chitenje, n'kutsika pakhonde, n'kulowera njira ya kumadzulo. Adokotala anangoti, "Achemwali, ine ndimayeza mwana amene wabwera," n'kundilembera kakalata kopita nako kuchipatala.

Mvula inali itayamba. Wa njinga yamoto anatchula mtengo umene m'nyumba mwathu munalibe tsiku limenelo, komanso ankakayika ngati pakamlatho tikadutse. Alamu anga anandikokera pambali. "Pitani pa gulosale ija, mukanene kuti ndakutumani ndine. Amakhala nawo." Ndinapita. Mwini wake anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja pansi pa kauntala. Paketi imene anatulutsa inali yofanana ndendende ndi imene ndinaiona m'manja mwa adokotala mmawa womwewo, mpaka chidindo chosonyeza kuti ndi katundu wosagulitsa. Chidindocho ndinachiona. Ndinalipira, ndinaika m'thumba, ndinabwerera kunyumba mofulumira.

Alhamdulillah, mwana anachira. Musanditsanzire chonde: mankhwala a pansi pa kauntala akhoza kukhala otha mphamvu kapena achinyengo, ndipo ife tinangochita mwayi. Koma nkhani yanga lero si imeneyo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinadzikhululukira msangamsanga. Ku madrasa tinaphunzira za dharura, kuti munthu amene wafika poti afa ndi njala amaloledwa kudya chimene masiku onse ndi haraam, mlingo wongopulumutsa moyo. Ndinadziuza kuti iyi ndi dharura: mwana akutentha, mvula, mlatho, ndalama palibe. Mwina inalidi, ma sheikh ndi amene angaweruze. Koma pakati pa usiku, ndikumupukuta mwana ndi kansalu konyowa, funso linandifikira lokha. Nanga mayi uja? Iyenso mwana ankatentha, iyenso mvula inali yomweyo, ndipo matope a m'miyendo mwake ankasonyeza kuti anayenda kuposa ine. Cholakwa chake chinali kutchula mudzi wosakhala wake. Changa chinali kugula katundu amene ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi wobedwa, n'kumupatsa wakubayo chifukwa choti mawa akabenso. Paketi imene anatenga iye inalowa m'kamwa mwa mwana wodwala malungo, ntchito yomwe anaipangira. Ndalama yanga inalowa m'thumba la munthu amene amakhuthula mabokosi ngati lathulo. Dharura imene ndinadzipatsa ine masana, ndinam'mana iye mmawa.

Komabe ndisanamizire kuti mkwiyo wanga unalibe mutu. Unali nawo, ndipo aliyense amene anaimapo pa mzere mankhwala n'kuthera pamaso pake andimvetsa. Zinthu za boma amazigawa powerenga anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, ndipo a kutsidya mulibemo m'chiwerengero chimenecho. Cholinga cha unduna n'choti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma ambiri amasenza oposa pamenepo. Boma lililonse udindo wake woyamba ndi nzika zake. Ngakhale m'chipembedzo chathu tinaphunzitsidwa kuti popereka umayamba ndi amene ali pa udindo wako, ndipo zakaat imayamba yathandiza osauka a m'dera limene yasonkhanitsidwa. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe umakoma pakamwa bokosi likakhala lodzaza. Likatsala ndi paketi imodzi, ana awiri, umawawa. Mwana wathu akanakhala kuti anayamba kukomoka usiku umenewo, sindikhulupirira kuti bwenzi ndili ndi mtima wolemba zimenezi.

Nde sindikunena kuti funso loti mankhwala aulere ndi a yani ndi lopusa. Ndikunena kuti ine ndinaliyankha molakwika, ndipo ndinalifunsa kwa munthu wolakwika. Nditabwerera kusukulu ndinakhala pansi n'kuwasenda mawu anga aja limodzilimodzi.

Ndinati msonkho timapereka ndife. Chinthu choyamba chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti mankhwala ambiri a malungo m'dziko muno sagulidwa ndi msonkho wathu. Amabwera ndi thandizo la Global Fund ndi la boma la America. Kutanthauza kuti paketi imene ndinkaikuwira kuti ndi yathu mwina inalipiridwa ndi msonkho wa munthu woyendetsa thiraki ku America kapena wogwira ntchito m'fakitale ku Germany, amene sadziwa n'komwe kuti Ntcheu ili kuti. Mukukumbukira mmene tinanjenjemerera mu Januwale 2025 pamene America inaimitsa thandizo lake lakunja? Nthawi imeneyo tonse tinkati si bwino kusiya odwala chifukwa choti ndi a dziko lina. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri sitifikapo. Tikanakhala kuti tinafikapo, mwina mawu oti athu akanalemerako.

Chachiwiri, mayi ngati uja msonkho amapereka. Anthu a kutsidya amagulitsa mbatatesi m'misika yathu, amadula tikiti ya msika, amagula shuga, mchere, mafuta ndi mayunitsi ndi makwacha. Ine wophunzira pa ngongole ya boma, amene sindinalandirepo malipiro a pamwezi chibadwire, ndikaika pa sikelo zimene ndaponya m'thumba la boma la Malawi ndi zimene waponya iye, ndikukayika kuti mbale yanga ingalemere.

Ndinatinso anthu a ku Mozambique, ngati ndikutchula anthu ochokera kutsidya la nyanja. Malire amene ndinkawateteza ndi pakamwa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa aliyense wa kuno. Angoni a Maseko anali atakhazikika kale ku Domwe, komwe lero ndi Mozambique, ndipo dera la Angónia dzina lake linachokera kwa iwo. Mzerewo unadutsa pakati pa anthu amodzi. Pa azimayi onse amene anali pakhonde paja, amene makolo ake anafika m'derali posachedwa kwambiri ndinali ineyo, mwana wa telala wa ku Balaka. Ndipo chikhalire palibe anandifunsapo kuti kwanu kulibe chipatala. Mng'ono wanga anabadwira pa chipatala cha mishoni, amayi osalipira kanthu, chifukwa kuyambira 2006 boma linayamba kupangana ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera azithandizidwa ulere boma n'kumalipira. Amayi amakamba kuti anamwino anawakonzera okha mpango kumutu utavuka.

Akuluakulu kwathu amakumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, ambiri ndithu m'maboma a m'malire ngati Ntcheu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Dziko linali losauka kuposa lero, koma anawapatsa malo. Amakumbukiranso kuti zinthu zinatembenuka. Pa njala ya 2002 ndi anthu a kuno amene ankawoloka kukagwira ganyu kutsidya, n'kubwera ndi chimanga pamutu ndi panjinga. Amayi akamakamba za chaka chimenecho amatsitsa mawu. Palibe anawafunsa chiphaso polandira lichero la chimanga.

Koma chimene chinandilasa kwenikweni ndi foni yanga yomwe. Ambiri a ife tili ndi achimwene, amalume kapena amuna ku Joni. Ine ndili ndi msuweni wanga ku Johannesburg, mkazi wake anachira chaka chatha. Mu 2022 tonse tinaonera kanema wa Phophi Ramathuba, amene ankayang'anira zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, akudzudzula mayi wa ku Zimbabwe ali chigonere pabedi lachipatala kuti anthu akunja akuwathera ndalama za odwala awo. Mu 2025 tinaonera a Operation Dudula ataima pa zipata za makiliniki, kufunsa ziphaso, kubweza obwera. Ine ndinali mmodzi mwa amene anaika zimenezo pa status, ndi mawu aukali, ndi dua yoti Allah awateteze abale athu. Nditapita kukawerenganso zimene ndinalemba nthawi imeneyo, n'kuyerekeza ndi zimene ndinakuwa pakhonde paja, ndinapeza kuti kusiyana kwanga ndi anthu a pa zipata aja ndi chiyankhulo chokha. Mfundo ndi yomweyo: mankhwala ndi ochepa, ndi athu, kwanu kuli boma. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinkaganiza kuti mwambiwu umangonena za kuzunzidwa. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ukhoza kudzuka uli iweyo woima pachipata.

Mwalimu wathu ku madrasa ankakonda kutikambira za Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, kuti tsiku lina anapeza nkhalamba yachiyuda ikupemphetsa pakhomo, ndipo anaitenga n'kulamula kuti iyo ndi ena onga iyo azilandira thandizo kuchokera ku bayt al-mal, thumba la chuma cha anthu onse. Tili ana tinkaimva ngati nkhani ya chifundo cha Umar. Pano ndikuona kuti ndi nkhani ya mwini thumba. Umar sanaone thumbalo ngati mphotho ya okhawo ofanana naye. Analiona ngati amana, chinthu chosungitsidwa, chimene mwini wake weniweni ndi wovutika amene waima patsogolo pako. Mzimu womwewo ndi umene unamanga zipatala za waqf, monga chija chimene Sultan Qalawun anamanga ku Cairo mu 1284, chimene chinkalandira odwala osalipiritsa, a mumzinda ndi alendo omwe. Timanyadira mbiri imeneyi tikamakangana ndi anzathu kusukulu. Ndipo mu Surat An-Nisa, pamene akutchulidwa anthu oyenera kuwachitira zabwino, mnansi wapafupi ndi mnansi wakutali onse alimo, pamodzi ndi wapaulendo. Ndinaloweza ayah imeneyo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mnansi wakutaliyo atabwera ndi matope m'miyendo, sindinamuzindikire.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwamvetsa maloko awiri aja. Amene anaganiza zoika maloko awiri pa bokosi sankaopa mayi wa ku Mozambique. Iye sangafike n'komwe pamene pali bokosi popanda mwana wodwala kumbuyo. Ankaopa ife eni akefe. Ndipo sindikuloza chala adokotala athu ayi, munthu amene ndamuonapo akukankha njinga m'matope kukatenga mankhwala. Njira ya paketi kuchoka kosungira mankhwala mpaka kufika m'mudzi ndi yaitali, manja ndi ambiri, ndipo wa gulosale sanandiuze kumene amaitenga. Vutoli ndi lodziwika mpaka unduna wa zaumoyo unachita kukhazikitsa gulu lofufuza za kubedwa kwa mankhwala mu 2016. Koma wakuba saba chinthu chopanda msika. Msikawo ndife.

Taonani mmene timayankhulira. Mlendo akalandira paketi imodzi timati mankhwala athu. Wakwathu akatulutsa katoni yonse pakhomo la kuseri timati aaa, ndi za boma izi, zilibe mwini. Chinthu chomwecho, tsiku lomwelo, chimakhala chathu tikafuna kumana, n'kukhala cha boma tikafuna kuba. Mawu oti zaulere anatipusitsa. Timawamva ngati akutanthauza zotola. Mudzi wonse umaidziwa gulosale ija. Opemphera Lachisanu timaidziwa, opemphera Lamulungu amaidziwa. Sindinamvepo munthu akukweza mawu pakhomo pake ngati mmene ndinakwezera ine pa mayi uja. Chifukwa chake n'chosavuta: mwini gulosale amatikongoza shuga mwezi ukafika pakati, ali ndi abale, mawa tikumana naye pamaliro. Mayi uja analibe aliyense pakhonde paja. Ukali wanga unasankha pofewa.

Ndaganiziranso za bodza lake lija, chifukwa bodza ndi bodza, sindikuliyeretsa. Koma anamuphunzitsa ndani? Munthu sabisa kwawo pachabe. Anabisa chifukwa anamvapo mawu ngati anga, kapena anauzidwa ndi anzake kuti ukanena zoona akakubweza. Ndipo bodza limenelo limapweteka ife tomwe. Kaundula akadzaza ndi mayina a midzi ya kuno yokhayokha, akuluakulu a ku boma sangaone kuti kiliniki ya m'malire ikusenza anthu a maiko awiri. Akanamalemba zoona, bwenzi pali manambala oti munthu n'kupita nawo ku khonsolo, kwa phungu, ngakhale pa tebulo limene Lilongwe ndi Maputo amakambirana, n'kunena kuti taonani, makiliniki a m'malire akufunika gawo lalikulu, tigawane mtolowu. Mkangano woti ndani alipire ndi weniweni, ndipo uyenera kuchitika. Koma malo ake ndi kumeneko, pakati pa anthu a mabajeti. Ine ndinautengera pakhonde, n'kuusenzetsa mayi amene anali atasenza kale mwana.

Pa tebulo la adokotala, ndaona kuti miyeso yololedwa ndi iwiri yokha: wafika ndani poyamba, ndipo wadwalitsitsa ndani. Mukangowonjezera wachitatu, woti ndi wa kuti, simudzatha kuutseka. Lero ndi wa ku Mozambique. Mawa ndi wa mudzi wa mfumu ina. Mkuja ndi wa chipani china, kapena ife a mipango kumutu amene tilipo ochepa m'derali. Ndikanakhala kuti ndinafika poyamba ine, paketi ija ikanakhala ya mwana wathu, ndipo mayi uja akanabwerera m'matope chimanjamanja, mwina kopanda gulosale ndi alamu omuuza kolowera. Sindikanamuganizira n'komwe. Ndikanati Alhamdulillah, tapeza mankhwala.

Ndisanabwerere kusukulu ndinapita kwa agogo osunga kiyi aja kukawauza za gulosale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda nyemba. Kenako anati, "Mwanawe, ukuyesa sitidziwa? Nkhani imafuna woiimira. Tipite kwa amfumu, ukanene kuti unagula ndiwe, dzina lako lilembedwe. Upita?" Ndinaganiza za alamu anga amene ananditumako, za bambo amene makina awo osokera ali pakhonde loyang'anana ndi gulosaleyo, za akulu anga amene mwina mwezi wamawa adzafunanso paketi usiku. Ndinati ndikaganize kaye. Agogo anangoseka pang'ono, n'kupitiriza kusenda. Mpaka lero ndikuganizabe, ndipo tchuthi china chayandikira.

Mayi uja ndinakumana nayenso kamodzi, tsiku la msika, nditatsala masiku awiri kuti ndinyamuke. Anali atakhala kumbuyo kwa milu ya mbatatesi, mwana uja akusewera ndi chitsekerero cha botolo pambali pake. Ndinafuna kulambalala, koma maso athu anali atakumana kale. Ndinayandikira, ndinapereka moni, ndinafunsa za mwana.

"Ali bwino, si uyu akusewerayu," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Nanga wanu uja? Munawapeza mankhwala?"

"Tinawapeza."

"Zikomo. Ndinadandaula tsiku lija."

Mawu opepesa ndinali nditawakonza kuyambira usiku uja, koma pakamwa panauma. Ndinangoloza mulu umodzi, n'kufunsa mtengo. Anandithirira m'jumbo, n'kuwonjezera ziwiri za banyira, n'kutembenukira kwa kasitomala wina amene anali atayamba kale kunenerera.